Kalata Imene Inatsala M'thumba la Kapitao

Pa mudzi wina m'boma la Katete pali mkulu wina amene mfumu imawaitana kawirikawiri pakagwa mlandu wobvuta pabwalo. Anthu amati iwo safulumira kugamula. Koma ndi ocepa amene adziwa kuti khalidwe limeneli analiphunzira pa misozi ya munthu wina, pa zaka 30 zimene anakhala mu ofesi yoyang'anira anchito ku Migodi.

Mkuluyu analowa nchito ya ukalaliki m'caka ca 1970, atatsiriza Fomu 5. Zinali nthawi zosintha. M'caka ca 1969 Pulezidenti Kenneth Kaunda anali atalengeza ku Matero kuti Boma lidzatenga magawo 51 pa 100 a migodi ya mkuwa, ndipo mipando imene kale inali ya Azungu okha inali kupatsidwa kwa ana a dziko lino. Posakhalitsa iwo anakwezedwa kukhala Personnel Officer, ndiye kuti wolemba anthu nchito, wosunga mabuku a chuthi ndi malipiro, ndiponso womva madandaulo.

Tsiku lina kapitao anawabweretsera dzina la munthu amene sanaoneke pa nchito masiku 9. Pofuna kuonetsa mabwana kuti mpando wawakwana, anasaina kalata yomucotsa tsiku lomwelo. Munthuyo atabwera anaima pakhomo nati, “Bwana, ndiloleni ndilankhuleko.” Iwo anangomuuza kuti nkhani inatha.

Patapita milungu, a bungwe la anchito a m'migodi anatulukira coonadi. Munthuyo anali atapita ku Lundazi kukaika maliro a mwana wace, ndipo kalata yopempha cilolezo anaisiya kwa kapitao, amene anaiiwala m'thumba. Pamene cigamulo cinasinthidwa, iye anali atatuluka kale m'nyumba ya kampani ndi banja lace, ndipo sanapezekenso. Mkuluyu mpaka lero sadziwa kumene anathera. Zoonadi, pepani sapoletsa cilonda.

Kucokera pamenepo anadziikira malamulo atatu. Loyamba, asagamule mlandu asanamve mbali zonse ziwiri, angakhale wonenezayo ndi bwana wamkulu. Laciwiri, zonse zilembedwe, pakuti mau apakamwa amasintha koma pepala silisintha. Lacitatu, asalandire nkhuku kapena mbuzi kwa wofuna nchito. Lamulo lacitatuli linawadanitsa ndi abale ena, amene ankati anaiwala kwao. Koma iwo anaona kuti wolemba mphwace cifukwa ca cibale sangathe kumudzudzula akalakwa, ndipo anchito ena onse amaleka kumukhulupirira.

Anaphunziranso kuti a bungwe la anchito si adani. Madandaulo ang'ono, monga nsapato zanchito zong'ambika kapena malipiro ocedwa, akawanyalanyaza ndiwo amabala sitalaka.

Mayeso aakulu anadza pamene migodi ya ZCCM, kampani imene inapangidwa m'caka ca 1982, inali kugulitsidwa, nchito imene inatha m'caka ca 2000. Anthu zikwi zambiri anacotsedwa. Iwo ndiwo ankapereka makalata, ena kwa anzao a chalichi cimodzi. Sakanatha kubweza nchito ya munthu, koma ankakhala pansi ndi aliyense, kumuwerengera ndalama zace poyera, osamulonjeza bodza.

Kwa makolo amene ana ao apita kukagwira nchito m'mafamu, m'masitolo kapena m'nyumba za anthu, malangizo ao ndi awa. Mwana afunse pangano lolembedwa ndi kusunga mapepala a malipiro. Aonetsetse kuti ndalama zodulidwa za penshoni zikufikadi ku NAPSA. Adziwenso kuti lamulo la anchito la m'caka ca 2019 liletsa kucotsa munthu popanda cifukwa comveka, ndipo wonenezedwa ayenera kupatsidwa mpata wodziyankhira. Lamulo lomweli lipatsa wanchito masiku 12 pa caka a chuthi colipidwa akafedwa mkazi, mwamuna, mwana kapena kholo. Zikabvuta, apite ku ofesi ya Leba pa Boma, pakuti safunsa anadya phula.

Masiku ano mkuluyu amalima cimanga ndi nshawa. Pabwalo, wodandaula akatha kulankhula ndipo anthu ayamba kung'ung'udza kuti mlandu waoneka kale, iwo amakweza dzanja ndi kupempha mfumu kuti winayo nayenso anene zace.