Mitolo Itatu ya Mwana Wophunzira za Kompyuta

Amayi anzanga, masiku ano ambiri a ife tili ndi ana amene ali kuphunzira za makompyuta m'sukulu za ukachenjede, ena ku Zomba, ena ku Blantyre, ena ku Thyolo, enanso ku Mzuzu. Tinawaperekeza mokondwa, ndipo ena a ife tinagulitsa mbuzi ndi matumba a chimanga kuti tiwagulire laputopu. Koma akabwera ku tchuthi timadabwa nawo. Mwana uja tinkamudziwa wochangamuka wangokhala duu pakona, maso ali pa galasi, zala zili kugogoda mpaka tambala woyamba. Mukasuzumira muona timizere ta mawu osamveka, kapena kanthu kodumphadumpha konga choseweretsa cha ana. Tsono mtima wa kholo umafunsa kuti, kodi ndalama zathu zija zili kupita ku maphunziro kapena ku chibwana?

Funso limeneli ndalimva kangapo pa misonkhano ya gulu lathu la amayi, ndipo likundikhudza pakuti mwana wanga wachiwiri, wamkazi, ali m'chaka chachitatu cha maphunziro omwewo. Ine sukulu ndinalekezera ku pulayimale. Zimene ndilembe pano ndi zimene ndaona ndi maso anga, ndi zimene mwanayo wakhala akundifotokozera modekha tikamatongola chimanga pakhonde.

Kompyuta ndi wantchito womvera kwambiri koma wopanda nzeru zakezake. Imachita chokhacho chimene yauzidwa, motsata ndondomeko imene yapatsidwa, ndipo mukaiwala kachizindikiro kamodzi imangoima osasuntha. Ana athu amaphunzira zilankhulo zoilamulira, zina amazitcha Python ndi Java, pamodzi ndi masamu ochuluka. Amatenga maphunziro angapo nthawi imodzi, lililonse ndi ntchito zake zoyenera kuperekedwa pa tsiku loikika, ndipo malikisi a ntchitozo amawaphatikiza ndi a mayeso otsiriza. Umenewu ndiwo mtolo woyamba, umene tinawatumizira kumeneko.

Mtolo wachiwiri amadzisenzetsa okha, ndiwo uja timauyesa chibwana. Inu amene munaphunzira kusoka mukudziwa kuti mphunzitsi amangokuonetsani kudula nsalu ndi kupinda mpendero, koma dzanja limawongoka ndi timadiresi ta ana anu tomwe mumasoka kunyumba, lero kusoka mawa kuphwasula. Za makompyuta zili chimodzimodzi. Wolemba ntchito amafuna setifiketi, inde, koma amafunsanso kuti, tationetsa chimene unapangapo wekha.

Mwana wanga wapanga ziwiri. Choyamba ndi tsamba la pa intaneti losungira mawerengero a banki mkhonde yathu. Kale tsiku logawana tinkaswera ndi kope, wina akuwerenga masheya, wina akuwonkhetsa chiwongoladzanja, dzuwa mpaka kulowa nkhope zili gwa. Tsopano msungichuma amalemba pa foni zimene mayi aliyense waponya ndi zimene wakongola, ndipo gawo la aliyense limaoneka pomwepo. Kope lija sitinalitaye ayi, pakuti foni imatha moto.

Chachiwiri ndi masewera a bawo oti munthu azisewera ndi kompyuta, ndipo amenewa ndiwo anandiphunzitsa kulemekeza ntchitoyi. Bawo mukuidziwa: mizere inayi ya maenje asanu ndi atatu, onse pamodzi 32, ndi njere 64. Agogo ake aamuna amasewera dzanja lili kuyenda lokha, osaganiza n'komwe za malamulo. Koma kompyuta siingaphunzire poonerera. Mwanayo anayenera kukakhala pansi pa mtengo wa mango pakati pa madoda, kope m'manja, ndi kufunsa chimodzichimodzi: njere yotsiriza ikagwera pati ndiye munthu amadya, ikagwera pati amatola ndi kupitiriza, nanga amaima liti. Madoda anayamba ndi kuseka, ati mtsikana ndi bawo zinakumana kuti. Posakhalitsa anayamba kutsutsana okhaokha, pakuti zinapezeka kuti malamulo ena aliyense anali ndi ake. Atalemba zonse m'chilankhulo cha kompyuta, tsiku lina njere zinayamba kuzungulira m'maenje osaima, kuzungulira, kuzungulira, mpaka laputopu inatentha. Anafufuza masiku atatu asanapeze pamene panalakwika. Ndinamuona akudya nsima maganizo ali kwina, milomo ikuwerenga. Munthu wochita chibwana sakhala wotero.

Komatu mtolo wachiwiriwu uli ndi ngozi yake, ndipo sindibisa. Ndi wokoma. Palibe amene amakukakamiza, palibe amene amakuchonga ndi cholembera chofiira, ndipo chimene wapanga usiku umachiona chikuyenda m'mawa. Masamu a m'kalasi sakoma chotero. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. M'chaka chake chachiwiri mwana wanga analephera phunziro limodzi la masamu chifukwa cha bawo yemweyu, ndipo anakalemba mayeso obwereza anzake ali pa tchuthi. Anakhoza, koma tinasowa tulo. Wolephera maphunziro angapo amabwereza chaka, kapena kuchotsedwa kumene, ndipo ngati anatenga ngongole ya maphunziro ngongoleyo imamudikira ndithu, digiri ilipo kapena palibe.

Mukawadzudzula ana ameneŵa amakutchulirani Mark Zuckerberg, amene anayambitsa Facebook mu 2004 ali wophunzira ku Harvard, nasiya sukulu. Musachite mantha ndi dzina lachilendolo. Muwayankhe kuti makolo a mnyamata ameneyo anali madokotala, ndipo zikanakanika anali ndi pogwera pofewa. Wathu akagwa agwera pa munda womwe uja tinagulitsa zokolola zake. Muwauzenso za Linus Torvalds wa ku Finland, amene mu 1991 anayamba kulemba Linux ngati chongotayitsa nthawi ali wophunzira ku Helsinki. Lero Linux ikuyendetsa makina ambirimbiri a intaneti, koma mwini wakeyo maphunziro ake anamaliza. Kwathu konkuno, William Kamkwamba wa ku Kasungu anasiya sukulu chifukwa chosowa fizi, napanga makina amphepo opangira magetsi ndi zitsulo zotola. Dziko litamudziwa iye anabwerera m'kalasi, ndipo mu 2014 analandira digiri ku Dartmouth College ku America.

Ife tinapangana chotere: ntchito ya kusukulu iyambe yaperekedwa, zake azichita Loweruka ndi pa tchuthi, ndipo mayeso akatsala mwezi umodzi bawo atsekedwe. Wapemphanso kwa aphunzitsi ake kuti tsamba la banki mkhonde lija alikulitse likhale ntchito yake yaikulu ya chaka chachinayi, kuti mitolo iwiri imangidwe ndi luzi limodzi.

Tsono ndifike pa mtolo wachitatu, umene wandichititsa kulemba, pakuti umenewu timasenzetsa ndife amayi. Mnyamata akakhala pa laputopu timayenda monyang'ama, timati achimwene akuwerenga. Mtsikana akakhala pa laputopu yomweyo timamuona ngati wopanda chochita. Iwe, katunge madzi. Iwe, tandigwirira mwanayu. Ndiwo zapsa kodi? Alendo abwera, kawaphikire tiyi. Pofika madzulo taitana kakhumi, ndipo tikuti sitinamutume zambiri.

Ntchito ya kompyuta ili ngati nsima pa nthawi yovundula. Mukaisiya kuti mukayankhe wogogoda pakhomo, mubwera mupeza mibulu yokhayokha. Wolemba malamulo a kompyuta amasunga zinthu zambiri m'mutu nthawi imodzi, ichi chikugwirana ndi icho, ndipo mukamuitana kwa mphindi zisanu zonse zimabalalika, ayambirenso kutolera. Onjezanipo magetsi ozimazima, ndi a kumudzi amene amayenda mtunda kukatchajitsa laputopu pa sola ya mnzawo. Onjezaninso mtengo wa bandulo, umene umachititsa ana kudikira ya usiku yotsikirapo. Mtsikana wokhala maso pakati pa usiku timafulumira kumuganizira za anyamata, pamene mwina ndi nthawi yokhayo imene sitimuitana. Tchuthi chikatha mnyamata abwerera kusukulu ndi chinthu choonetsa, mtsikana abwerera ndi manja osupuka, kenaka anthu adzati za makompyuta ndi za amuna. Chonsecho Rachel Sibande, amene anayambitsa mHub ku Lilongwe kumene achinyamata amaphunzira ntchito zimenezi, ndi mayi ngati ife tomwe.

Ndikudziwa chimene ena mwa inu muli kunena: nanga akadzakwatiwa osadziwa ntchito, manyazi adzakhala a yani? Amayi, mwana amene anayamba kuphika nsima ali ndi zaka khumi sangaiwale mthiko chifukwa cha miyezi iwiri. Kwathu, kuyambira m'mawa akasesa kufikira masana ndi nthawi yake, palibe womuitana, ngakhale ine. Alongo ake amapita ku mjigo ndi ku chigayo mosinthana, ndipo sanathyoke msana. Madzulo amaphika iyeyo. Apongozi anga anang'ung'udza sabata yoyamba, koma bambo a kunyumba atalankhula kamodzi nkhani inatha. Muyambe mwagwirizana ndi abambo, pakuti anansi adzalankhula.

Nanga ife osaphunzira tingadziwe bwanji kuti mwana ali kugwira ntchito kapena ali kungoonera mafilimu? Kokani mpando mukhale pambali pake, mumuuze kuti akuonetseni chimene akupanga, ndipo afotokoze m'Chichewa. Amene ali kumanga chinthu amasangalala, amalankhula mpaka inu mutatopa. Woonera mafilimu amatseka laputopu msanga. Ndipo zotsatira za mayeso zikatuluka muzione ndi maso anu, phunziro lililonse, osangomva kuti zayenda bwino.

Masewera a bawo aja sanathebe. Kompyuta tsopano imatsata malamulo onse ndipo imagonjetsa alongo ake, koma agogo ake akaigwira amaidya njere zonse fodya wawo asanazime. Mwanayo akuti vuto ndi lakuti imaona kutsogolo kamodzi kokha pamene agogo amaona katatu, ndipo adzaliyang'ana mu Disembala akadzamaliza mayeso.