Thandala la makompyuta

Munthu amaopa chinthu chimene sadachionepo m'kati mwake. Njinga ikadula tcheni, ngakhale mwana wa zaka khumi amadziwa pogwira chifukwa zonse za njinga zili poyera. Koma kompyuta ikakana kuyaka, ngakhale munthu wophunzira kwambiri amangoti kakasi, n'kugamula kuti yafa. Akatero amaifunditsa nsalu n'kuikankhira pakona pomwe imasanduka nyumba ya mphemvu. Zoona zake n'zakuti kompyuta siifa yonse nthawi imodzi. Chimafa ndi chiwalo chimodzi, zinazo zili zamoyo, ndipo vuto lagona pa kudziwa chiwalo chimene chafacho.

Ine ndimaphunzitsa pa sukulu ina ya sekondale yoyendera kufupi ndi Chezi, m'boma la Dowa, pa msewu wochokera ku Lilongwe kupita ku Salima. Apaulendo ambiri amadziwa Chezi chifukwa cha tomato, anyezi ndi mbatata zimene amagula galimoto ikaima. Sadziwa kuti kuseri kwa mapiriwa kuli ana amene amalemba mayeso a MSCE a phunziro la kompyuta, ena mwa iwo atangoiona chojambulidwa ndi choko pabolodi. Sukulu yathu idali ndi makompyuta 14 akale amene anthu ena akufuna kwabwino adatipatsa, koma pofika chaka cha 2023 oyaka adatsala awiri okha. Kuwanyamula onsewo kupita nawo kwa okonza ku Lilongwe kudafunika ndalama zimene sukulu idalibe.

Kuyesa ziwalo za kompyuta zili m'bokosi lake ndi ntchito yotopetsa. Umamasula timabawuti, kulowetsa dzanja mopanikizika, kusintha chiwalo chimodzi, kumanganso, kenaka n'kupeza kuti sichinali chimenecho. Malata a m'mphepete amacheka zala, ndipo mwana amene waima kumbuyo kwako kuti aphunzire amangoona msana wako. N'chifukwa chake okonza makompyuta m'maiko ena amagwiritsa ntchito chimango chopanda makoma chimene amayalapo ziwalo zonse poyera. Chimango chotere sindidachionepo m'sitolo za kuno kwathu, choncho ndidaganiza zoti tipange chathu.

Chimene chidandilimbitsa mtima ndi chakuti makompyuta ambiri a patebulo amatsata muyeso umodzi. M'chaka cha 1995 kampani ya Intel idakhazikitsa muyeso wotchedwa ATX, umene umanena kukula kwa bolodi lalikulu la kompyuta lija amati motherboard, malo amene mabowo a timabawuti ayenera kukhala, komanso mmene mawaya a magetsi amalowera. Bolodi la ATX limatalika mamilimita 305 ndipo m'lifupi ndi mamilimita 244. Mng'ono wake, microATX, amene adabwera mu 1997, saposa mamilimita 244 mbali zonse, ndipo mabowo ake ambiri amagwera pomwe pali a mkulu wake. Izi zikutanthauza kuti chimango chimodzi chikhoza kulandira mabolodi a makampani osiyanasiyana, akale ndi atsopano omwe.

Ndidajambula maganizo anga pa katoni n'kupita nayo kwa mmisiri wina wowotcherera zitsulo pa Chezi pomwepo, bambo wachikulire amene ntchito yake ya tsiku ndi tsiku ndi mafelemu a zitseko, zitsulo za m'mawindo ndi kukonza ngolo. Adaiyang'ana katoniyo kwa nthawi, akuitembenuza uku ndi uku.

"Aphunzitsi, chimene mukufunachi si thandala kodi? Loyanikapo mbale lija?"

"Ndi lomwelo, bambo, kungoti mbale zake ndi zamagetsi."

"Ndiye musavutike n'kulongosola. Thandala timalidziwa."

Dzinalo lidakhala lomwelo mpaka lero. Tidagwirizana kuti thandalalo likhale la nsanjika ziwiri. Pansi pakhale bokosi logawa magetsi lija amati power supply pamodzi ndi hard disk, popeza ndi zolemera ndipo zimathandiza kuti chimango chisagwedezeke. Pamwamba pakhale bolodi lalikulu, pomwe maso ndi manja zimafika mosavuta. Miyendo ndi mipingasa mmisiriyo adaidula ku zidutswa za angle iron zotsala pa ntchito ya mawindo.

Pa nkhani ya lata loti bolodi lizikhalapo, nzeru idachokera kwa iye. Adandiuza kuti lata lopyapyala likamva moto wowotcherera limapindika ngati chikopa chouma padzuwa, ndipo bolodi lomangidwa pa lata lopindika likhoza kung'aluka. Choncho tidachotsa lata la m'kati mwa bokosi la kompyuta ina imene idali itaphwanyika, lomwe lidali kale ndi mabowo m'malo oyenera, n'kulimanga pa chimangocho ndi mabawuti osati moto. Mbali ya kumbuyo kwa bokosilo, yomwe imagwira makadi oimirira monga la zithunzi, tidaidulanso n'kuimanga chimodzimodzi. Kunsi kwa miyendo adakhomako mphira za tayala lakale kuti thandala lisamaterereke patebulo.

Panali chinthu chimodzi chimene ine ndidaumirira. Chitsulo chimadutsa magetsi, ndipo kunsi kwa bolodi kuli timinga tambirimbiri ta mtovu. Timingati tikakhudza lata magetsi ali oyatsa, bolodi limapsa nthawi yomweyo. N'chifukwa chake bolodi limakhala pa timiyendo tamkuwa totalika pafupifupi mamilimita 6, ndipo kamwendo kalikonse kayenera kukhala pansi pa bowo lake basi. Kamwendo kosochera, kokhala pomwe palibe bowo, n'kokwanira kupha bolodi labwinobwino. Tidapaka chimango penti poopa dzimbiri la nthawi ya dzinja, koma tidapala pentiyo pomwe power supply imakhudzana ndi chitsulo, kuti chimango chonse chilumikizane ndi waya wopita pansi, uja wa dzino lalitali la pulagi ya mano atatu. Waya ameneyu ndiye amateteza munthu magetsi akasochera. Amathandizanso pa magetsi amene amaunjikana m'thupi, makamaka m'miyezi ya Juni ndi Julaye pamene mpweya wa m'mapiri muno umauma ndipo juzi imathetheka poivula. Kukhudza chimango usanagwire chiwalo kumachotsa magetsi amenewa.

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ntchito ya pa thandala ndi yotero. Timayamba ndi power supply payokha. Pa pulagi yake yaikulu ya mabowo 24, kapena 20 ngati ndi yakale, pali waya umodzi wobiriwira. Ukaulumikiza ndi wakuda uliwonse, fani yake iyenera kuzungulira. Kenaka timayeza ndi mita: waya wachikasu upereke mavoliti 12, wofiira 5, wa mtundu wa lalanje 3.3. Wachikasuwo ukatsika kupitirira 11.4 kapena kukwera kuposa 12.6, bokosilo silodalirika. Lamulo limene ana onse amalidziwa pamtima ndi lakuti bokosi limeneli sititsegula, chifukwa m'kati mwake mumatsala magetsi oopsa ngakhale utazula pulagi kukhoma.

Tikatero timaika bolodi, pulosesa ndi fani yake, ndi kachidutswa kamodzi ka RAM, basi. Timalumikizako kasipika kakang'ono chifukwa kompyuta poyaka imadziyesa yokha, ndipo ikapeza cholakwika imalira mwa mtundu wake. Ikayaka bwino timawonjezera chiwalo china, chimodzichimodzi, mpaka tipeze chimene chikuigwetsa. Pa makompyuta 12 aja amene tinkati adafa, ena adangofuna kupukuta mano a RAM amene adachita litsiro. Ena batire lawo laling'ono la CR2032, looneka ngati ndalama yachitsulo, lidali litatha. Awiri mafani awo adali atatsekeka ndi fumbi la m'chilimwe moti ankatentha n'kudzizimitsa okha. Ena adalidi ndi mabolodi akupsa, ndipo amenewo adapereka ziwalo zawo kwa anzawo. Pomaliza tidadzutsa asanu ndi awiri.

Chimene sindidachiwerengere pojambula katoni ija ndi mmene thandala lidasinthira ana. Mtsikana wina wa Fomu 3, amene kale ankaopa ngakhale kukhudza mbewa ya kompyuta poganiza kuti akaononga makolo ake alipitsidwa, adaona fani ikuzungulira poyera, adagwira RAM ndi dzanja lake, n'kufunsa chifukwa chake makina amaiwala zonse za mu RAM akazima koma osaiwala za mu hard disk. Funso lotere silibwera kwa mwana amene akuloweza mayina a ziwalo kuchokera pabolodi. Lero ndi ana omwewo amene amayesa makina akavuta, ine n'kumangoyang'anira pulagi.

Ntchito yotereyi ikhala ikuchuluka. Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft idasiya kusamalira Windows 10 mwa nthawi zonse, ndipo Windows 11 imakana makompyuta ambiri akale amene alibe kachipangizo kotchedwa TPM 2.0. Makina otere, ngakhale ali amoyo, eni ake m'maiko olemera amawasiya, ndipo njira ya katundu wosiyidwa timaidziwa tonse chifukwa ndi yomwe kaunjika amadzera. Akafika kuno, ena adzakhala abwino, ena zinyalala. Sukulu imene ili ndi poyesera idzatha kusankha, n'kuikamo Linux, imene ndi yaulere ndipo mitundu yake ina imayenda bwino pa makina ofooka. Imene ilibe idzangolandira n'kuthokoza, kenaka n'kufunditsa nsalu.

Thandala lili ndi malire ake. Popeza lilibe makoma, fumbi, abuluzi ndi zala za ana a chidwi zimafika paliponse, choncho si pokhalitsa kompyuta. Chiwalo chikapezeka, makina amabwerera m'bokosi lake, ndipo thandala timalivundikira ndi chitenje.

Makolo athu a Chimaravi ankasungunula miyala m'ng'anjo n'kusula makasu ndi nkhwangwa, ndipo zotsalira za ng'anjo zotere zikuonekabe m'nkhalango ya Kasungu. Luso la chitsulo silidachoke m'dziko muno. Lili pa misika yathu yonse, pa Mponela, pa Mvera, pa boma la Ntchisi, pomwe amisiri amawotcherera ngolo ndi mawindo tsiku ndi tsiku. Chimene chimasowa ndi munthu wowapititsira katoni yojambulidwa bwino, yokhala ndi miyeso yolondola. Mphunzitsi aliyense amene ali ndi chipinda cha makompyuta ofunditsidwa nsalu ayambe wayeza bolodi limodzi, ajambule, apite nayo katoniyo kwa mmisiri wa pa msika wa kwawo.