Magazi a Mwana Akachepa

Ife a m'mbali mwa nyanja timachidziwa chikhatho choyera cha mwana. Timamuyang'ana m'zikope, n'kunena kuti magazi amuthera. Timamuwiritsira chidede kapena masamba a mapeyala, ndipo zikakanika ndi pamene timathamangira kuchipatala cha pa boma la Mangochi, tikuyembekeza mapiritsi a ayironi.

Mu 2008 madokotala, mmodzi mwa iwo a Kamija Phiri, adafalitsa zimene adapeza atayeza ana osowa magazi kwambiri ku Blantyre ndi ku Chikwawa. Kuchepa kwa ayironi sikudali gwero lalikulu ayi. Adapeza malungo, njoka za m'mimba, HIV, majeremusi olowa m'magazi ndi kuperewera kwa mavitamini A ndi B12. A Phiri sadalekere pomwepo. Adalondola ana amene aikidwa magazi n'kutulutsidwa, popeza ambiri amadwalanso, ena n'kumwalira ali kunyumba. Mu 2022 bungwe la WHO lidalangiza kuti ana otere azilandira mankhwala oteteza ku malungo kwa miyezi ingapo atatuluka.

Zaka 14, abale! Komabe ife makolo, mwana akatenga PhD n'kunena kuti akupitiriza, timafunsa kuti, "Sukulu yakoyi idzatha liti?" Kafukufuku wotere munthu amamuphunzira digiri ili kale m'manja, pansi pa katswiri wina, zaka zinanso.

Nayo nthenda ya sickle cell, yotengera kwa bambo ndi mayi omwe, ikusowa anthu oterewa. Mwana wotupa manja ndi mapazi, wolira usiku wonse ndi ululu wa m'mafupa, kumudzi kuno tikumuwiritsirabe chidede.