Masika a Ine ndi Phuma

Kwathu ku Dedza, mwezi wa Epulo ukafika anthu amayamba kukonza nkhokwe, maso ali kumunda. Kuno ku Kyalami, kumpoto kwa Johannesburg, mwezi womwewo ine maso amakhala padzuwa. Likangopendeka ndimalowetsa mahatchi m'khola, kuwapopera mankhwala n'kutseka mawindo a sefa. Masika ndiyo nyengo imene matenda a African horse sickness amavuta kwambiri. Amafala ndi tizilombo touluka tochepa kuposa udzudzu, timene timaluma madzulo ndi m'bandakucha, ndipo hatchi ikagwidwa koopsa mapapo amadzaza madzi n'kufa pamasiku ochepa. Katemera amabaya pakati pa 1 Juni ndi 31 Okutobala, komabe ngakhale hatchi yobayidwa sitiigoneka panja. Timadikira chisanu choyamba choyeretsa udzu, cha kumapeto kwa Meyi kapena mu Juni, poti ndicho chimathana ndi tizilomboto.

Ndinabwera ku Joni mu 2009 pa basi yodzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge. Agogo anga anabwerako kale pa Wenela, kukakumba golide pansi pa nthaka. Ine ndinagwera m'khola. Hatchi ndinali ndisanaigwirepo. Ndinkadziwa ng'ombe zapangolo ndi abulu, ndipo kavalo ndinkangomumva m'Baibulo. Ntchito yoyamba inali yowola ndowe pa khola lina la mahatchi a mpikisano wothamanga. Poona kuti ndine wochepa thupi, abwana anandikweza pachishalo, ndipo kwa zaka zoposa khumi ndinali mmodzi wa anyamata othamangitsa mahatchi m'mawa, kuwakonzekeretsa kuti ma jockey akawakwere tsiku la mpikisano. Tikawina, pachithunzi sindinkaonekapo, koma mumtima ndinkadziwa kuti miyendo imeneyo ndinailimbitsa ndine.

Mu 2021 kahatchi ka zaka ziwiri kanadzidzimuka ndi jumbo youluka ndi mphepo. Ndinatsitsimuka ndili m'chipatala, fupa la ntchafu litathyoka, madokotala ataikamo chitsulo. Miyezi imene ndinakhala pansi thupi linakwera, mwendo sunkapindikanso monga kale, ndipo kukwera kwa mpikisano kumafuna munthu wonjuta pamwamba pa hatchi, mawondo ali pafupi ndi chibwano. Palibe anandithamangitsa. Ndinangoona kuti malo anga patsala mnyamata wina wopepuka.

Amayi akunyumba anandiuza pafoni kuti, "Bambo, bwererani. Munda ulipo, ana akukula osakudziwani." Ndinayankha kuti ndamva, koma sindinagule tikiti. Ndinali ndi zaka 40, ndipo luso lokhalo limene ndinali nalo ndi la nyama imene kwathu imapezeka malo owerengeka, monga pa phiri la Zomba ndi ku Kande, kokwezako alendo.

Ntchito ina ndinaipeza kwa mayi wina wa ku Kyalami amene amagula mahatchi opuma pa mpikisano wothamanga n'kuwaphunzitsa masewero otchedwa eventing. Masewerowa ali ndi mbali zitatu. Yoyamba ndi dressage: hatchi imayenda, kudumphadumpha ndi kukhota mofatsa m'bwalo lamchenga, oweruza akuyang'ana ngati ikumvera popanda kulimbana. Yachiwiri ndi cross-country: kuthamanga kutchire, kulumpha zipika zosasunthika, ngalande ndi kudutsa m'madzi. Yachitatu ndi kulumpha mitengo yopaka utoto imene imagwa ikangokhudzidwa. Hatchi imodzi, wokwera mmodzi, mayeso atatu.

Ndinkaganiza kuti kukwera ndimakudziwa. Tsiku loyamba mayi aja anatalikitsa zopondera mapazi n'kundiuza kuti ndikhale pansi pachishalo, msana chilili. Ndinkagwedezeka ngati thumba la chimanga pangolo. Loweruka ankandiika m'kalasi limodzi ndi ana a sukulu, ena a msinkhu wa mwana wanga woyamba, ndipo iwo ankakhota bwino kuposa ine. Manyazi amenewo anandipweteka kuposa chitsulo cha m'ntchafu.

Chaka chatha, kumayambiriro kwa Malichi, kunabwera hatchi yamphongo yofula, yofiirira, ya zaka zisanu ndi chimodzi. Inathamangapo ku Turffontein koma sinawinepo. Dzina lake la m'mapepala ndi lalitali. Ine ndinaitcha Phuma, chifukwa chilichonse inkachita mwaphuma, ngakhale kumwa madzi. Mayi aja ananena mosabisa: Phuma akapanda kumaliza mpikisano wa masentimita 80 kumapeto kwa Meyi, amugulitsa, poti chakudya ndi dokotala wa ziweto sizidikira. Anawonjeza kuti akufunanso kuona ngati ine ndili wophunzitsa mahatchi kapena wowasamalira chabe. Malipiro a ntchito ziwirizi si ofanana. Komanso hatchi yolephera kawiri imatsika mtengo, n'kumapita m'manja osiyanasiyana mpaka osadziwikanso kumene yathera.

Hatchi ya mpikisano imadziwa zinthu zambiri zimene iyenera kuiwala. Ukakoka zingwe, iyo imamva kuti waiuza iwonjezere liwiro, chifukwa inazolowera kutsamira pachitsulo cha m'kamwa pothamanga. Inazolowera kuyenda pagulu, ndiye ikakhala yokha imalira n'kumafunafuna anzake. Ngalande sinailumphepo, m'dziwe sinalowemo. Ndipo masika satipatsa nthawi yambiri. M'mawa timadikira dzuwa likwere kuti tizilombo tibisale, madzulo timaweruka msanga. Mvula ikasiya, dothi la kuno limauma gwa ngati njerwa, moti kuthamangitsa hatchi pafupipafupi n'kuiphwanya miyendo. Ntchito yambiri inali yoyenda pang'onopang'ono: kukwera chitunda, kutsika, kuponda pamwamba pa mitengo yogoneka pansi, kuima, kuyambanso. Anthu awiri amene moyo wawo wonse unali liwiro, tsopano tikuyenda ngati tikuperekeza maliro.

Pa dziwe tinatha masabata atatu. Phuma ankafika m'mphepete, kufwenthera, n'kubwerera chambuyo. Tsiku lina ndinatsika, n'kulowa ndekha m'madzi ozizirawo nditavala majombo, chingwe chili lende m'manja, osamuyang'ana. Ndinaima mpaka zala zinachita dzanzi. Kenaka ndinamva chiboda chimodzi kuti phava kumbuyo kwanga, patapita kanthawi chinanso.

Ngalande ndiyo inandiulula. Nthawi zonse tikatsala pang'ono kufika, Phuma ankaima njii. Ndinkamunena kuti ndi wamantha. Madala ena a ku Mzimba, amene asamalira mahatchi kuno kuyambira ine ndisanabadwe, anatiyang'ana tsiku lina atatsamira foloko yawo. Nditatsika anati, "Achimwene, hatchiyi ilibe mlandu. Mukatsala mapazi atatu mumagwira mpweya, mwendo wovulalawo mumaupanitsa, manja n'kukoka. Iyo ikumva kuti mwini wake waona njoka m'dzenjemo." Ndinafuna kutsutsa, koma ndinadziwa kuti akunena zoona. Chigwereni ndinali ndisanavomerepo, ngakhale kwa amayi akunyumba, kuti ndimaopa kugwanso.

Mankhwala ake anali ochititsa manyazi. Madala aja anandiuza kuti ndiziwerenga mokweza poyandikira ngalande, poti munthu sangawerenge atagwira mpweya. Ndinkafuula m'Chichewa, "Modzi, wiri, tatu!" ana a sukulu aja akuseka kumpanda. Tinayamba ndi kangalande koti mwana angadumphe, n'kumakulitsa sabata ndi sabata. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndinkauyesa mwambi wa anthu opanda changu.

Cha pakati pa Meyi amayi akunyumba anaimbanso. Chimanga chinali chitauma, chiswe chitayamba kugwetsa mapesi. Ndinatumiza ndalama zolipira aganyu okolola. Iwo anati, "Ndalama zafika, bambo. Koma ndalama sisenza dengu, ndipo sifunsa mwana za kusukulu." Ndinalibe choyankha. Ndinawauza za Enos Mafokate, amene anabadwira ku Alexandra mu 1944, nayamba ngati wosamalira mahatchi a azungu, kenaka n'kukhala katswiri wolumphitsa mahatchi ndi kutsegula malo ophunzitsira ana kukwera ku Soweto mu 2007. Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti, "Iwowo kwawo n'komweko." Mawu amenewo sanandichoke mpaka lero.

Tsiku la mpikisano linafika, m'mawa mukuzizira, udzu utasanduka wofiirira. Pa dressage Phuma analirira anzake kawiri, koma sanathawe m'bwalo. Mitengo yopaka utoto anagwetsa umodzi. Kutchire, m'madzi analowa osaganiza kawiri. Pa ngalande ndinaiwala kuwerenga, iye n'kuima, ndipo anatilembera zilango 20. Ndinamuzungulitsa, ndinapuma, ndinawerenga mokweza, tinawoloka. Pomaliza anatiwonjezera zilango zina chifukwa chochedwa. Madala a ku Mzimba anaseka mpaka misozi: hatchi ya ku Turffontein ndi mnyamata wothamangitsa mahatchi, kulangidwa chifukwa choyenda pang'onopang'ono!

Tinali pafupi ndi kumapeto kwa mndandanda, koma tinamaliza. Mayi aja anasisita Phuma pakhosi n'kunena kuti akhala. Kwa ine sananene zambiri. Lolemba lotsatira anangondipatsa hatchi ina yatsopano, yaikazi, yongochoka kumene ku mpikisano, n'kundifunsa kuti ndiyamba nayo bwanji.

Ndinapempha kuti ndiyambe nayo mu Ogasiti. Chisanu chitagwa m'sabata yoyamba ya Juni, tizilombo titatha, ndinapita ku Park Station kukagula tikiti ya basi ya ku Lilongwe, yopita ndi yobwerera. Chimanga ndinakachipeza chili kale m'nkhokwe. Mwana wanga wamng'ono anandipatsa moni wa alendo, atagwada patali, ndipo panapita masiku anayi asanabwere yekha kudzakhala pafupi nane pakhonde. Sindinamuitane. Ndinali nditaphunzira kuima m'madzi osayang'ana kumbuyo.