Ng'oma ya M'galimoto Mwathu

Ife amene tidakula nthaŵi ya wailesi ya Nzeru, ija tinkayanika mabatire ake padzuŵa kuti atifikitse kumapeto kwa mwezi, timadabwa tikaona m'mene nyimbo zasamukira m'magalimoto masiku ano. Kale nyimbo zinkamveka pabwalo, m'tchalitchi kapena pa gumbagumba ya paukwati. Lero galimoto isanatulukire pa mphambano, chifuwa chamva kale kugunda kwake, mazenera a nyumba n'kumanjenjemera. Kugundako kumachokera ku sipika yaikulu yotchedwa subwoofer, imene imakhala m'bokosi lake kumbuyo, m'buti. Mabanja ambiri a m'maparishi mwathu amene Mulungu waŵadalitsa ndi kagalimoto adalandirapo kale pempho la mnyamata wa pakhomo, kapena la bambo eni ake, lakuti chida chimenechi chigulidwe. M'pempho lotere ife sitikuonamo tchimo. Koma popeza ndalama zake zimatuluka m'thumba lomwe mumatuluka za fizi ndi za feteleza, ndipo makutu amene adzamve kugundako ndi a banja lonse, nkhaniyi njoyenera kuikhalira pansi.

Tiyambe ndi ntchito yake. Liwu lililonse ndi mpweya umene ukunjenjemera, ndipo akatswiri amaŵerenga kunjenjemerako pa sekondi imodzi ndi muyeso wotchedwa Hertz. Khutu la mwana wathanzi limamva kuyambira pa 20 mpaka pa 20,000. Woimba besi m'kwaya akatsika kwambiri amafika pafupi ndi 80, chingwe chachikulu cha gitala ya besi chimalira pa 41, ndipo paipi ya ogani yotalika mapazi 16 imatsika mpaka pafupi ndi 32. Kuti mau otsika chotere amveke pafunika kukankha mpweya wambiri, ntchito imene timasipika ta m'zitseko sitingaithe. Tikakakamizidwa timangosasa mau. Subwoofer imasenza katundu wolemerayo, kaŵirikaŵiri mau onse a pansi pa 80, n'kusiyira timasipika tija mau a anthu, a gitala ndi a zisekese. Motero ikaikidwa mwanzeru, ngakhale mau a nyimbo ya Misa amamveka bwino kuposa kale.

Za bokosi, makolo athu adazidziŵa kalekale. Chikopa chili chokha sichilira. Chimalira chikakungidwa pa chipika chogobedwa, ndipo mmisiri amadziŵa kuti kuya ndi kukula kwa mphakoyo ndiko kumaipatsa ng'oma mau ake. Oimba valimba ku Chigwa cha Shire amamangirira zipanda pansi pa timatabwa, chachikulu pansi pa liwu lotsika, chaching'ono pansi pa liwu lokwera. Ndi m'mene ilili sipikanso. Ikamakankha mpweya kutsogolo imaukoka kumbuyo, ndipo ikakhala pamtetete mphamvu ziŵirizi zimathetsana, besi n'kuzimirira. Bokosi limalekanitsa kutsogolo ndi kumbuyo. Chifukwa chake munthu wogula sipika yodula n'kuiponya m'bokosi lililonse limene walipeza pamsika wangotaya ndalama zake.

Bokosi la mtundu woyamba ndi lotsekedwa mbali zonse, lopanda pothaŵira mpweya. Amene adaitchukitsa njira imeneyi ndi Edgar Villchur wa ku America m'chaka cha 1954. Mpweya wotsekeredwamo umaigwira sipika ngati mtsamiro: ikabwerera m'mbuyo umaikankha, ikapita kutsogolo umaikoka, kotero kuti liwu limayamba msanga ndi kuleka msanga. Besi yake njaudongo, yomveka liwu ndi liwu. Bokosi lotere limakhala laling'ono, pakuti sipika ya mainchesi 12 kaŵirikaŵiri imakhutira ndi malita pafupifupi 30, ndipo mmisiri akaphonya muyeso pang'ono silivuta. Kuipa kwake nkwakuti limadya mphamvu yambiri ya ampulifaya lisanafike pa phokoso lalikulu. Komabe m'galimoto muli mwai, chifukwa chipinda chaching'ono chotsekeka chimakuza chokha mau otsikitsitsa, n'kukwaniritsa pamene bokosilo lapereŵera.

Lachiŵiri ndi lobooledwa, lokhala ndi paipi kapena mpata wotulukira mpweya. Albert Thuras wa ku Bell Laboratories adalandira chiphaso cha umwini wa nzeru imeneyi m'chaka cha 1932. Aliyense amene adauzirapo pakamwa pa botolo akudziŵa kuti botolo lalikulu limalira motsika, ndipo ukathiramo madzi liwu limakwera. Mpweya wa m'bokosi ndi wa m'paipi umalira chimodzimodzi pa liwu limodzi, kaŵirikaŵiri la pakati pa 30 ndi 40, n'kuwonjezera mphamvu pa sipika. Tsono pa magetsi omwewo phokoso limakula. Koma walira mvula walira matope. Bokosili limafuna malo, malita 50 kapena kupitirira, ndiye kuti thumba la ufa lopita kwa agogo kapena sutikesi ya mwana wa kusekondale idzasoŵa pokhala. Limafunanso muyeso weniweni, pakuti kutalika kwa paipi kukaphonyeka, besi yonse imamveka ngati liwu limodzi longoguguda. Ndiponso nyimbo ikatsika kupyola liwu la paipi, sipika imakhala yopanda choigwira, imangokupiza mpaka kuwonongeka, pokhapokha ampulifaya ikhale ndi sefa yoletsa mau otsikitsitsawo.

Lilipo lachitatu, lotchedwa bandpass, limene limabisa sipika m'kati mwa zipinda ziŵiri, mau n'kumatulukira pa paipi pokha. Limagunda mwamphamvu koma pa mau ochepa, ndipo limabisanso kulira kwa sipika imene ikuvutika, mwini wake n'kudzazindikira itapsa kale. Banja lingathe kulilambalala osataya kanthu.

Funso lenileni tsono ndi lakuti: kodi m'galimoto mwathu mumaimbidwa nyimbo zanji? Ngati ndi nyimbo za kwaya, za Misa, za ng'oma ndi zisekese, besi yake njochepa ndipo chuma chake chili m'mau. Pamenepa sipika ya mainchesi 8 kapena 10 m'bokosi lotsekedwa ikukwanira; imaipatsa ng'oma thupi lake popanda kumiza oimba. Ndi chimodzimodzi ndi rumba ya ku Congo ndi sungura ya ku Zimbabwe. Amene adamverapo Alick Macheso akuthamangitsa zala pa gitala ya besi akudziŵa kuti kukoma kwake kuli pa kumva liwu lililonse palokha. Bokosi lochedwa kuleka limasakaniza mauwo, luso lonse la woimbayo n'kusanduka phala.

Reggae ili pakati. Besi ndiyo imatsogolera nyimbo, monga timamvera kwa Alleluya Band, imene idabadwira pa parishi ya Balaka m'chaka cha 1978, kapena kwa Black Missionaries a ku Chileka. Besi imeneyi njonenepa komanso ili ndi nyimbo yakeyake. Sipika ya mainchesi 12 m'bokosi lotsekedwa imaitulutsa mwaulemu, ndipo bokosi lobooledwa loyezedwa bwino limaipatsa kulemera kumene okonda reggae amakufuna. Nyimbo za achinyamata ndizo zosiyana. Hip hop idatengera besi yake ku makina a ng'oma otchedwa Roland TR-808, amene adatuluka m'chaka cha 1980, ndipo amapiano, amene adayambira m'makomboni a ku South Africa, nawonso amagunda ndi mau opangidwa ndi makina, otsika ndi okhalitsa. Mau otere amamveka m'chifuwa koposa m'khutu, ndipo bokosi lobooledwa ndilo limaŵakwanitsa.

Koma galimoto ya banja siimba mtundu umodzi. Lamulungu m'maŵa mayi amafuna kwaya yao ya ku parishi, masana bambo amafuna rumba, madzulo mnyamata amalumikiza foni yake. Pa chifukwa chimenechi ife timaona kuti bokosi lotsekedwa, la sipika imodzi ya mainchesi 10 kapena 12, ndilo la chilungamo pa banja. Mnyamata sapeza kugunda konse kumene amakulota, komabe palibe amene nyimbo yake imawonongeka, ndipo m'buti mumatsala malo. Kusankha kotere kumaphunzitsa ana chinthu chimene amachiona kale pa mbale ya ndiwo: cha tonse sachigaŵa potsata njala ya mmodzi.

Pogula, tisanyengeke ndi manambala aakulu olembedwa pa katoni. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mawati zikwizikwi amene amalembedwa ndi zilembo zofiira kaŵirikaŵiri ndi mphamvu ya kamphindi chabe. Nambala yoona ndi yolembedwa RMS, ndipo ndiyo iyenera kufanana ndi ya ampulifaya. Tidziŵenso kuti kuŵirikiza mawati kaŵiri kumangowonjezera madesibelo 3, pamene khutu limafuna pafupifupi 10 kuti limve ngati phokoso laŵirikiza. Ndalama zambiri zimathera pa kusiyana kochepa. Kuchokera pa ntchito ya Neville Thiele ndi Richard Small ku Australia, m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, kukula kwa bokosi kumaŵerengedwa ndi masamu, ndipo opanga masipika odalirika amalemba muyeso wake pa kapepala. Kapepalako tikapereke kwa kalipentala, akhome ndi bolodi lochindikala mamilimita 18, amate ndi guluu m'ngodya zonse. Ampulifaya ya mawati 500 ingathe kukoka ma ampere oposa 40, katundu wolemera kwa batire ya kagalimoto kakang'ono. Waya akhale wonenepa, fyuzi ikhale pafupi ndi batire kuwopa moto, ndipo bokosi limangidwe zolimba, pakuti pa ngozi limauluka kulunjika mpando umene pamakhala ana. Safunsa adadya phula. Tifunse mmisiri wodziŵa za magetsi a galimoto.

Chotsala ndicho chachikulu pa zonse, ndipo sichigulidwa m'sitolo. M'kati mwa khutu muli timaselo tonga tsitsi timene timasandutsa kunjenjemera kwa mpweya kukhala liwu. Tikafa sitimeranso. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu angathe kumva phokoso la madesibelo 80 kwa maola 40 pa sabata, koma likafika pa 90 nthaŵiyo imatsika kufika pa maola 4. Kwa ana muyeso wake ndi 75. Galimoto yotseka mazenera, subwoofer ili pa mphamvu, imapyola 100 mosavuta, ndipo amene amakhala pafupi kwambiri ndi bokosi ndi ana a pa mpando wakumbuyo, amene sangadziŵe kudandaula. Kugontha kotere kumabwera mwakachetechete. Kumayamba ndi kulira kwa m'makutu pambuyo pa ulendo, kenaka mwana samva bwino aphunzitsi, ife n'kumamuyesa wamwano. Muyeso wapafupi ndi uwu: ngati tiyenera kufuula kuti wokhala pambali pathu atimve, tapyola malire.

Kunja kwa galimoto kulinso anthu. Mau otsika amapyola khoma mosavuta kuposa mau okwera, motero nyimbo imene ife tikuimva bwino, mnansi wathu amangoimva ngati kugogoda kosatha pamene akugoneka wodwala. Woyendetsa amene samva hutala kapena kulira kwa ambulasi amaika moyo wa ena pachiswe. Mwambo wathu udatiphunzitsa kuti tikaona masamba pamseu timachepetsa liŵiro, wanjinga amatsika, wachipewa amavula, pakuti pamudzipo pali maliro. Dzanja lomwelo lovula chipewa lifike pa wailesi. Chimodzimodzi pa chipatala, pa sukulu, ndi pa bwalo la tchalitchi pamene Misa yoyamba isanathe.

Eklezia sadana ndi mau ogunda. Msonkhano Waukulu Wachiŵiri wa ku Vatican, m'chikalata chake cha za chipembedzo cha 1963, udalemekeza ogani ya mapaipi, ndipo udalimbikitsanso kuti nyimbo za makolo a mitundu yosiyanasiyana zipatsidwe malo ake. N'chifukwa chake ng'oma imalira pa Misa zathu. Koma ng'oma ya m'tchalitchi imadziŵa nthaŵi yoleka. M'chaka cha 1974 ku America kudatuluka kanema wotchedwa Earthquake, ndiye kuti Chivomezi, amene ankaonetsedwa ndi masipika aakulu ogwedeza mipando, ndipo anthu adakhamukirako kuti akagwedezeke. Mneneri Eliya pa phiri la Horebu adachiona chivomezi chenicheni, pamodzi ndi mkuntho ndi moto, komabe buku loyamba la Mafumu, mutu 19, likutiphunzitsa kuti Mulungu adamufikira zonsezo zitapita, kutachita bata.

Abale athu, pa mabanja ambiri a m'tauni ulendo wa pa galimoto ndiyo nthaŵi yokha imene bambo, mayi ndi ana amakhala m'chipinda chimodzi popanda wotuluka. M'menemo mwana amaulula zimene zamuvuta kusukulu, mayi amakumbutsa za wodwala wa mu mphakati, ndipo pa ulendo wautali wa kumudzi korona amatha bwinobwino. Tigule ng'oma yoyenera nyimbo zathu ndi thumba lathu, tiimange mwaluso, tikondwere nayo. Koma pa ulendo uliwonse pakhale mtunda umene wailesi yazimitsidwa, kuti timvane ife eni ake, ndi kuti timve Iye amene safuula.