Halale wa Phulusa

Kuno ku Lifidzi masanje ankayamba chimanga chikangolowa m'nkhokwe. Mu Juni ndi Julayi, mphepo yozizira ikutsika kuchokera ku phiri la Domwe, ana tinkatola mapesi m'minda n'kumanga timisasa kuseri kwa mudzi. Wina ankakhala mfumu, wina bambo, wina mayi wobereka chitsononkho kumbuyo, ndipo mnyamata waliwiro kuposa tonse ankakhala fisi wodzalanda nsima. Masanje analipo m'midzi yonse, tsidya lino ngakhalenso ku Dedza ndi ku Ntcheu. Koma chathuchathu, chimene ndikulira lero, chinali tauni ya amalume.

Amalume, mlongo wawo wa amayi, anali mmodzi mwa amuna ambirimbiri a ku Angónia amene ankazemba chibalo ndi msonkho wa Apwitikizi n'kulowera ku Southern Rhodesia, ena pa malole a Ulere, ena wapansi. Anakhalitsa ku Salisbury, ku Halale kuja, akuphika m'makhitchini a azungu. Anabwerako chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 ndi sutikesi yamalata, jekete limodzi ndi chifuwa chosamva mankhwala. Khasu linkawakanika. Anzawo ankawanena kuseri kuti anabwera chimanjamanja. Katundu weniweni amene anasenza tinkamudziwa ndife ana.

Madzulo, mwezi ukawala, ankatituma kusesa pabwalo, iwo n'kutapa phulusa ndi phale. Mzere wautali wa phulusa unali njanji. Kumtunda kwake ankandandalika timabokosi ta machesi, nyumba za azungu, n'kutchula misewu yake: First Street, Manica Road. Kumunsi kwa njanji kunali zitsononkho zothithikana, ndiko ku lokeshoni, kuli nyumba za amuna okhaokha za Matapi, msika wa Musika ndi holo ya mowa. Luzi lokhotakhota linali mtsinje wa Mukuvisi, ndipo mwala waukulu unali Kopje. Aliyense wa ife ankatola kamwala kake n'kunena chimene akhale: wosoka nsapato, woyendetsa njinga ya pasitolo, mayi wofulula mowa mobisa, kapena kamnyamata kongofika kumene. Nyemba khumi zinali ndalama zako, tsamba la bulugamu linali chitupa. Akatero ankakhosomola, n'kuloza mmodzi wa ife: "Iwe mphwanga, watsika pa siteshoni dzuwa likulowa. Sudziwa munthu, njala yakupweteka. Utani?"

Umayankha momwe ufunira. Ukati ndithamanga, ndinama, ndipempha, amalume ankakupatsa njere zinayi za chimanga zopakidwa makala mbali imodzi kuti uponye. Zoyera zikachuluka wapulumuka, zakuda zikachuluka zakuvuta. Akatekisi a ku mishoni, imene ansembe a chiJezwiti anaikhazikitsa kuno mu 1908, anamva za njerezo ndipo anabwera kudzaona ngati si ula. Anaima kumbuyo kwathu manja ali m'chiuno. Posakhalitsa anamveka akulangiza mwana wawo kuti asadutse pa mlatho chifukwa pali apolisi.

Mu Halale wa amalume simunali anthu okha. Mwini golosale wolemera anali ndi ndondocha zimene zinkapakira katundu usiku. Pansi pa mtsinje pankagona chinjoka, chikatembenuka lokeshoni yonse matope. Anamapopa ankayenda pa galimoto yozimitsa nyali. Kalulu wa m'nthano anali atavala chipewa, akutchovetsa juga pamsika. Koma zoopsa zimenezi ankazitulutsa mwa apo ndi apo. Chimene chinkatigunditsa mtima usiku uliwonse chinali belu la 9 koloko, lokupeza ukadali kumtunda kwa njanji tsamba lako litatayika.

Ndakhala mphunzitsi zaka zambiri, ndipo pokalamba pano ndi pamene ndikuona luso limene munthuyu anali nalo. M'nthano za kutchire fisi akakuphonya nkhani yatha. M'tauni yawo palibe chimene chinkatha. Ukanyoza mayi wogulitsa vitumbuwa lero, patapita masiku umapeza kuti mlamu wake ndiye kapitawo wa pa fakitale imene ukufunapo ntchito. Aliyense amene unakumana naye anali ndi chimene akufuna, amene akumuopa, ndi amene ali naye ngongole, ndipo amalume sankaiwala. "Kwa eni umasiya phazi, osati mlomo," ankatero uku akusuntha kamwala kako kupita nako kunja kwa geti. Sankati njira iyo kulibe. Ukafuna kukwera denga la sitima, ankakufunsa kuti ukweradi, n'kukupatsa njere. Ndipo tauniyo inkayenda ngakhale iwe utagona. Ukadwala malungo osabwera pabwalo, pobwerera umapeza chipinda chako analowamo wina, mtengo wa ufa wakwera. Tsiku lina anatiuza kuti mabasi onse anthu awanyanyala, aliyense ayende wapansi. Ndinadzawerenga ndili wamkulu kuti zimenezi zinachitikadi mu Seputembala 1956, iwo ali komweko.

Panalinso chinthu china chimene sankachinena koma tinkachitulukira tokha. Woyenda yekha nyemba zinkamuthera msanga. Wofunsafunsa kuti kodi a ku Angónia amagona mbali iti ankapeza mphasa, nsima, ndi kagulu kosonkherana za maliro. Mtsikana wina, msuweni wanga, ndiye anayamba kuzindikira. Iye ankakongoza nyemba kwa aliyense, mpaka tauni yonse, apolisi omwe, inali m'manja mwake. Amalume ankaseka mpaka chifuwa kuwatsamwa, akuti, "Mayi awa ndiwo meya."

Amalume anatisiya ufulu wa 1975 usanafike. Chaka cha ufulucho sukulu ndi zipatala za mishoni zinatengedwa ndi boma, ndipo posakhalitsa nkhondo inayamba kuyandikira. Pa 30 Okutobala 1985 anthu a mfuti anatenga ansembe awiri, Bambo João de Deus Kamtedza ndi Bambo Sílvio Moreira, n'kuwapha ku Chapotera, pafupi pomwepa. Chaka chotsatira midzi inayamba kutha. Tinasiya kachewere m'munda, ng'ombe m'khola, n'kuolokera ku Dedza ana ali kumbuyo. Malawi inasunga anthu a ku Mozambique okwana pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo ife tinali m'gulu limenelo mpaka pambuyo pa mgwirizano wa mtendere wa ku Roma wa pa 4 Okutobala 1992.

Kumeneko ndi kumene tinakhaladi timiyala ta amalume. Chinenero chinali chathu chomwe, ena mwa eni mudzi anali abale athu enieni, komabe tinali alendo. Panali khadi la chakudya losayenera kutayika, mzere wa ufa ndi nyemba, kalaliki wofunika kumulankhula mwaulemu, mwini munda wofuna aganyu, mphekesera zofunika kuzisefa. Tsiku lina pamzere ndinakumana ndi mwana wa akatekisi uja, atayamba imvi. Anandinong'oneza kuti, "Achimwene, belu lalira, tsamba muli nalo?" Tinaseka, anthu n'kumatiyang'ana ngati amisala. Ife amene tinakulira pa phulusa lija tinkadziwa kuti pofika pamalo achilendo umayamba wafunsa amene ali ndi kiyi, amene amamumvera, ndi kumene anthu akwanu agona. Zinatithandiza kukhala ndi moyo, koma sizinatipulumutse tonse.

Msuweni wanga, meya uja, anamwalira ndi kolera kutsidyako, ndipo manda ake ali m'dziko la eni. Amene ankakonda kukhala woyendetsa njinga anaponda bomba lokwirira pobwerera kudzaona ngati nyumba yake idakalipo. Wosoka nsapato anapita ku Harare weniweni, n'kutchona, kalata yake sitinaionepo. Mwana wa akatekisi tinamuika kuno nkhondo itatha kale. Akanakhalapo mmodzi yekha, bwenzi tikukangana kuti holo ya mowa inali mbali iti ya luzi. Tsopano ndikalakwitsa palibe wondikonza, ndipo zimenezi zimapweteka kuposa mmene ndinkaganizira.

Mdzukulu wanga amene akuphunzira mumzinda wa Tete anabwera patchuthi ndi timiyala tapulasitiki ta manambala, kena ka mbali 20. Akuti iye ndi anzake amakhala patebulo kusewera Dungeons & Dragons, masewera amene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa ku America mu 1974. Mmodzi amafotokoza dziko, ena aliyense amakhala munthu wake, akafuna kuchita chovuta amaponya madayisi. Anandiuzanso kuti m'zaka za m'ma 1980 anthu ena opemphera kumeneko ankati masewerawo ndi ausatana, ndipo ndinakumbukira akatekisi athu. Anandionetsa pa foni mapu a mzinda wopeka wotchedwa Waterdeep, wochokera m'maganizo a Ed Greenwood, ndi buku la 2018 lotchedwa Waterdeep: Dragon Heist, mmene osewera amasakasaka ndalama zagolide theka la miliyoni zobisidwa mumzindamo. Akuti osewera amapatsidwa nyumba ya mowa yoti aziyendetsa, ndi pepala la malamulo a mzinda lonena chilango cha mlandu uliwonse.

Kenaka anadandaula. "Agogo, kuyendetsa nkhani ya m'phanga n'kosavuta, njira ndi ziwiri kapena zitatu. Koma mumzinda anzanga amangobalalika, wina kumsika, wina kudoko, ine mutu n'kuzungulira." Ndinamuuza zimene ndinaona ndi maso anga. Usaloweze nyumba zonse, dziwa anthu ochepa okha, koma uwadziwe mpaka ngongole zawo. Anzakowo uwapatse pogona pamodzi ndi lendi yoti alipire pakutha pa mwezi, adzabwerera okha. Wapolisi akhale ndi dzina ndi mwana wodwala. Chimene achita lero chiwapeze mawa. Iye ankalemba mu foni mwachangu, akuti, "Agogo, zimenezi munaziwerenga kuti?"

Sindinaziwerenge. Ndipo sindikunyoza buku lakelo, ndi lokongola, olemba ake anaganiza mozama. Koma Waterdeep sanapwetekepo munthu chifuwa. Amalume tauni yawo anailipira ndi mapapo awo, ndipo ankatiyendetsamo chifukwa ankadziwa kuti ambiri a ife tsiku lina tidzatsika pa siteshoni ina dzuwa likulowa. Ankafuna kuti tikayambe talakwitsa pa phulusa, pamene chilango chake ndi nyemba ziwiri ndi kusekedwa ndi anzako.

Anyamata a ku Lifidzi akunyamukabe. Akupita ku migodi ya malasha ya ku Moatize, ku Beira, ku Lilongwe, ku Johannesburg. Obwerako aliponso, ena ndi njinga zamoto, ena ndi chifuwa ngati cha amalume, ndipo amakhala pa kantina nkhani zawo zili m'mimba, popanda mwana wowafunsa. Masanje enieniwo akuzilala, ana madzulo amaunjikana pa foni imodzi. Choncho mnyamata wa kuno amakaphunzira za chitupa kwa wapolisi weniweni, za ngongole kwa wakatapila weniweni, kutali ndi amalume ake, ndipo ena mwa iwo timawalandira m'bokosi pa chipata cha Calómuè.