Cipewa ca Ubweya wa Alpaka

Mwezi wa Juni kuno ku Angónia kumazizira kwambiri. Tsiku lina mayi wina wa m'kalasi mwathu anabwera atavala cipewa ca pa kaunjika. Mkati mwake munali kansalu kolembedwa. Tinawerenga pamodzi, cilembo ndi cilembo: ALPACA, PERU. Mayiwo anafunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi alpaka n'ciani?"

Alpaka ndi ciweto ca ku mapiri a Andes, ku America wa Kummwera. Ndi mbale wa ngamila, koma ilibe linunda. Alpaka zambiri za pa dziko lonse zili ku Peru, makamaka m'cigawo ca Puno, kufupi ndi nyanja ya Titicaca. Anthu a mitundu ya Quechua ndi Aymara amaziweta pamalo okwera mamita oposa 3,500, kumene ulimi wa cimanga umavuta.

Yaikazi imakhala ndi bere miyezi 11, ndipo imabala mwana mmodzi. Cisanu cikakula, ana ambiri amafa. Oweta amameta ubweya kamodzi pa caka. Alpaka imodzi imapereka makilo 2 kapena 3.

Akameta amasankha ubweyawo: wofewa pawokha, wolimba pawokha, mtundu uliwonse pawokha. Amautsuka, amapota ulusi ndi kamtengo monga makolo athu ankacitira ndi thonje, kenaka amaluka zipewa, majuzi ndi mabulangeti. Ubweya woyera ndiwo wa mtengo wapamwamba, cifukwa umalandira utoto uliwonse.

Koma oweta ambiri ndi osauka. Amagulitsa ubweya wosasankha kwa ogula oyendayenda m'midzi, pa mtengo wotsika. Ubweyawo umapita ku mafakitale a mumzinda wa Arequipa, ndipo phindu lalikulu silibwerera kumudzi. Amene agwirizana m'magulu, nasankha ubweya okha, nagulitsa pamodzi, amapeza mtengo wabwinoko.

Titamaliza kufotokoza, bambo wina wacikulire anati, "Ndiye ali ngati ife ndi mbatatesi zathu. Wogula ndiye amawerenga sikelo, ife timangoyang'ana."

Mau amenewa anatikhudza. M'mawa mwake tinabwereka sikelo, tinabweranso ndi thumba la nyemba. Aliyense anayeza, nawerenga nambala yekha, nailemba m'kope mwake. Ena analakwa, ndipo tinabwereza mpaka dzuwa kupendeka. Woyamba kukhoza anali mayi a cipewa aja. Anati caka cino akapita okha kukagulitsa nyemba zao.